Canon 50mm f/1.8 STM usiku, koma muziisankhira mode yoyenera

Amene mumajambula ndi Canon ndipo zithunzi za usiku zikumatuluka zakuda bii kapena zachimbuuzi, musathamangire kusintha kamera ayi. Nthawi zambiri yakulepheretsani ndi lenzi ija ya 18-55mm yobwera ndi kamera, mukazumitsa mpaka 55mm imathera pa f/5.6 basi (f ndi aperture, bowo lolowera kuwala, nambala ikachepa bowolo limakula), pomwe iyi ya 50mm STM yomwe inatuluka mu 2015 imatsegula mpaka f/1.8, ndiye kuti kuwala kolowa kumachuluka pafupifupi kakhumi. Komanso ndi kopepuka kwabasi, magalamu 160 okha.

Koma lenzi payokha siingakuthandizeni mukasiya pa Auto. Flash imangodzuka yokha, nkhope zoyera mbee, kumbuyo mdima, ndalama mwangotaya. Ambiri amakonda mode ya Av, umaika f/1.8 kapena f/2 kenako kamera imasankha shutter (nthawi yomwe kuwala kumalowa pojambula), zili bho ngati ukujambula nyumba kapena msewu uli pa tripod, koma kwa anthu imeneyo ndi nkhani ina chifukwa kamera siidziwa kuti munthu akuvina kapena mwana akuthamanga, ingotsitsa shutter mpaka 1/15 ya sekondi kufuna chithunzi chiwale, ndiye umapeza munthu ali ndi manja anayi.

Ine ndimaona kuti lenzi iyi imakoma pa M (Manual, pomwe shutter ndi aperture umasankha wekha), ISO (mphamvu ya kamera yomvera kuwala) nkuisiya pa Auto. Shutter 1/125 kwa anthu oima kapena oyenda pang'onopang'ono, 1/250 ngati akuvina, aperture f/2, zotsalazo kamera izidzivutikira yokha. ISO ikafika 3200 kapena 6400 timadontho tija timaoneka inde, koma chithunzi cha timadontho chimakonzeka pa kompyuta makamaka ukajambula RAW (fayilo yosaphwanyidwa, yosiyana ndi JPEG), chogwedera sichikonzeka olo utatani.

Tv, mode yomwe umasankha shutter kamera nkusankha aperture, ndimaisiya, sindiona phindu lake kwenikweni mu mdima.

Zofooka zilipo. Ilibe IS (chochepetsa kugwedera kwa chithunzi), ndiye manja akamanjenjemera osatsika pansi pa 1/80 pa kamera za APS-C (za sensa yaing'ono, ngati zobwera ndi 18-55mm ija), poti pamenepo 50mm imakhala ngati 80mm. Nkhani yomweyo imapangitsanso kuti m'chipinda chaching'ono uzibwerera mmbuyo mpaka kugunda khoma kuti anthu atatu akwane. Pa f/1.8 penipeni malo oonekera bwino amachepa kwambiri, diso limodzi lakuthwa linalo lofewa, ndiye ku gulu la anthu kwezani f/2.8 kapena f/4. Wojambula anthu usiku aigule, wa magulu akuluakulu m'nyumba ayang'ane yotambasuka ngati EF-S 24mm f/2.8.