Tomato, kabichi, anyezi, chimanga kapena nyemba: m'dimba la nyengo yachisanu mulowe chiyani?

Mvula ikatsanzika m'mwezi wa Epulo, aliyense amene ali ndi dimba m'mphepete mwa mtsinje kapena m'dambo amayamba kulingalira za mbewu yoti abzale, ndipo ambiri a ife timasankha potengera mtengo umene tinaona pamsika chaka chatha, kapena potengera zimene mnzathu woyandikana naye wafesa pa nazale yake. Ine ndikuona kuti kasankhidwe kameneka ndi kamene kamagwetsa alimi ambiri, chifukwa mbewu za m'dimba sizisiyana pa mtengo pokha. Zimasiyana pa madzi amene zimamwa, pa ndalama zimene zimadya zisanabweze kanthu, pa mmene zimapiririra chisanu cha Juni ndi Julayi, komanso pa masiku amene zingakhale m'nyumba zitakololedwa. Ndaziika pano moyang'anizana kuti mlimi mnzanga aone imene ikugwirizana ndi madzi ake ndi thumba lake.

Tomato ndiye amakopa anthu ambiri, ndipo n'zomveka, pakuti ndiwo zambiri siziphikidwa popanda iye, kotero ogula sasowa. Nyengo yopanda mvula imamukomera chifukwa matenda a chiwawu, amene amawaula masamba ndi kuoletsa zipatso m'dzinja, amachepa masamba akamakhala ouma, makamaka mlimi akamathirira pansi pa tsinde osati pamwamba pa masamba. Koma ubwino womwewu ndi umene umapha mtengo wake. Popeza aliyense amatha kumulima m'nyengoyi, kuyambira Ogasiti kufikira Okutobala madengu a tomato amadzaza misika ya Lizulu, Bembeke, Jenda ndi Wakawaka, mavenda n'kumatchula okha mtengo, mlimi n'kuvomera chifukwa tomato wakupsa sangabwerere naye kumudzi. Mitundu yolimba khungu monga Tengeru ndi Tanya imapirira ulendo wa pagalimoto kuposa Money Maker, koma ngakhale imeneyi imangowonjezera masiku ochepa chabe.

Chinanso chimene sitiyenera kubisirana n'chakuti tomato wa masiku ano amadya ndalama. Kambozi kotchedwa Tuta absoluta kamalowa m'kati mwa tsamba n'kumadya mnofu wake, kusiya kachikopa koyera koonekera kuseri, kenako kamaboola chipatso pafupi ndi phata, moti mlimi amathyola tomato wooneka bwino pamwamba koma wowola m'kati. Popeza kamabisala m'tsamba, mankhwala ambiri sakafikira, ndipo ukapopera mankhwala amtundu umodzi mobwerezabwereza kamawazolowera. Kutentha kukayamba m'Seputembala, akangaude ofiira nawonso amabwera kunsi kwa masamba. Onjezerani fetereza, mitengo yogwiriziza ndi ntchito yothenera mphukira mlungu uliwonse, mudzaona kuti tomato ndi mbewu ya munthu amene ali ndi mpamba wokwanira miyezi inayi yathunthu. Amene mpamba wake ungathere panjira, tomato akuyamba kumene kubereka, ndi bwino asamuyambe n'komwe.

Kabichi amasiyana ndi tomato pa chinthu chachikulu: chisanu ndi chimene amafuna. M'madera okwera monga Dedza, Ntcheu, Thyolo ndi Mzimba, kabichi wowokeredwa m'Meyi amapanga mitu yolimba ndi yolemera kuposa wa nyengo ina iliyonse. Copenhagen Market amakhala ndi mutu wocheperapo koma amafulumira, pafupifupi miyezi iwiri ndi theka chiwokerereni, pamene Giant Drumhead amakula kwambiri koma amafuna miyezi yoposa itatu, kutanthauza madzi ambiri ndi fetereza wambiri. Adani ake ndi nsabwe zotuwa zimene zimaunjikana pamtima pa mbewu, ndi timbozi tobiriwira timene timaboola masamba. Koma mdani woopsa kwambiri ali m'nthaka: matenda otupitsa mizu, amene amachititsa kabichi kufota masana ngakhale wathiriridwa, ndipo ukazula umapeza mizu ili zotupa zokhazokha. Matendawa amakhala m'nthaka zaka zambiri ndipo amakonda nthaka ya asidi, n'chifukwa chake alangizi amalimbikitsa kuthira laimu ndi kusagula mbande zochokera m'dimba losadziwika.

Pano ndiyenera kuyankhulira masamba amene ambiri amawachepetsa, ndiwo repu, mpiru ndi tchayinizi. Kabichi amakulipira kamodzi, tsiku lodula mutu, pamene repu umayamba kuthyola patatha milungu inayi kapena isanu chiwokerereni, ndipo umapitiriza kuthyola mlungu ndi mlungu kwa miyezi iwiri kapena itatu ngati ukuthira manyowa ndi kubereketsa ndi fetereza pang'ono. Ndalama yake ndi yochepa pa tsiku, koma ndi imene imagula sopo, mchere ndi ya kuchigayo popanda kudikira, ndiponso ndi imene imagula mankhwala a mbewu zina zochedwa. Mpiru umafulumira kuchita maluwa kukangoyamba kutentha, choncho nthawi yake ndi Epulo kufikira Julayi, repu amapirirako. Vuto la masamba onsewa ndi msika: othyoledwa m'mawa amakhala atafota pofika masana, kotero amapindulira amene ali pafupi ndi tauni, sukulu yogonera komweko kapena msika wa pamsewu.

Anyezi ndi mbewu ya munthu wopirira, ndipo mwa zonse ndi imene ndimaikhulupirira kwambiri kwa mlimi wokhala kutali ndi msika. Amafesedwa pa nazale m'Malichi kapena Epulo, amakhalapo milungu 6 kufikira 8 mpaka tsinde lifike kukula ngati pensulo, ndipo akawokeredwa amafuna miyezi ina inayi kapena kuposerapo. Mizu yake ndi yaifupi, choncho amafuna kuthiriridwa pafupipafupi, ndipo popeza masamba ake saphimba nthaka, udzu umamugonjetsa msanga ngati kupalira kwachedwa. Izi ndi zovuta zake. Ubwino wake umaonekera pokolola, chifukwa anyezi ndi yekhayo mwa ndiwo zamasamba zimenezi amene amalola mlimi kukana mtengo wa venda. Makosi akayamba kugwa, umasiya kuthirira, n'kuzula, n'kuyanika pamthunzi popita mphepo mpaka khosi ndi khungu ziume, ndipo ukatero ungamusunge kufikira dzinja pamene anyezi amasowa ndipo mtengo umakwera. Pa ichi mtundu ndi wofunika: Red Creole, wofiira ndi woyabwa m'maso, amasungika nthawi yaitali, pamene Texas Grano amabereka mitu ikuluikulu koma ndi wamadzi ndipo amawola msanga. Amene akufuna kugulitsa pompopompo angabzale Texas Grano. Amene akufuna kusunga asasinthanitse Red Creole ndi mtundu wina.

Chimanga cha m'dimba nkhani yake ndi ina, chifukwa ambiri sachilimira msika wokha koma chakudya cha m'miyezi ya njala. Apa dera ndilo limalamula. Ku Chikwawa, Nsanje, Salima ndi Karonga, kumene chisanu n'chochepa, chimanga chimabzalidwa m'Epulo kapena Meyi, nthawi zambiri pa chinyontho chimene madzi osefukira asiya, ndipo chimakula bwino. Kumapiri, chimanga chobzalidwa m'Juni chimachedwa kumera, chimakhala chachikasu kapena chofiirira masamba, ndipo chimangodya madzi kwa milungu yambiri osakula. Kumeneko ndi bwino kudikira kumapeto kwa Julayi kapena kuyambirira kwa Ogasiti. Koma kudikiraku kuli ndi mtengo wake, pakuti chimanga chobzalidwa m'Ogasiti chimamasula ngayaye ndi ndevu m'Okutobala, nthawi imene chimafuna madzi ochuluka kuposa nthawi ina iliyonse, komanso nthawi yomweyo imene zitsime za m'dambo zimaphwa. Mlimi amene chitsime chake chimauma m'Okutobala adzakolola mapesi okha, ngakhale atathira fetereza wokwanira.

Kuyambira 2017 mbozi za ntchemberezandonda zasintha ulimi wa chimanga cha m'dimba, chifukwa m'chilimwe chimanga chobiriwira chimakhala m'madimba mokha, kotero mbozi zonse za m'dera zimathamangira momwemo. Kuyendera munda kawiri pa mlungu n'kusuzumira m'nsonga mmene masamba atsopano amatulukira ndiko kumapulumutsa, pakuti mbozi ikadali yaing'ono imafa mosavuta, koma ikakula n'kubisala pansi pa ndowe zake mankhwala saikhudza. Mbewu ikhale yocha msanga ndi yopirira matenda a mikwingwirima pa masamba, monga SC 403 imene timaitcha Kanyani. Pa malo aang'ono, chimanga chimapindula chikagulitsidwa chachiwisi, powerenga zisononkho, kwa ootcha ndi ophika. Chikasiyidwa kuti chiume, matumba ake sabweza ndalama ya madzi amene chinamwa pokhapokha ngati madziwo anali a ngalande yoyenda yokha.

Nyemba sizitchulidwa kawirikawiri pa mpikisano umenewu, komabe zili ndi zifukwa zomveka. Zimacha m'miyezi itatu kapena kucheperapo, sizifuna fetereza wambiri, zimamwa madzi ochepa poyerekeza ndi chimanga, ndipo zimapereka khwanya ndi zitheba zisanaume. Mitundu monga Kholophethe ndi Napilira ili ndi msika wodziwika, ndipo NUA 45 imafulumira kucha. Nyemba zouma zimasungika monga anyezi, komanso zokololedwa m'Okutobala zimakhala mbewu yatsopano ya dzinja pa nthawi imene mbewu ikusowa. Zimaopa zinthu ziwiri: chisanu choopsa cha m'zigwa za kumapiri chimaziwaula usiku umodzi, ndipo kutentha kwa Okutobala kumayoyola maluwa. Choncho kumapiri zibzalidwe chisanu chikayamba kuchepa, pamene kuchigwa zibzalidwe msanga kuti zichite maluwa kukadali kozizira.

Mbatata ya kachewere ndingoitchula mwachidule. Ndi mbewu ya kumapiri monga Tsangano ndi Dedza, msika wake wa tchipisi ndi wamphamvu, koma imafuna mbewu yopanda matenda ndi fetereza wa D Compound wokwanira, ndipo kuchigwa kotentha sibereka zokondweretsa.

Zonsezi zimadalira chida chimene mlimi akuthirira nacho, ndipo apa ndi pamene ambiri amadzinamiza. Amene amathirira ndi kheni, kunyamula madzi kuchokera pachitsime m'mawa ndi madzulo, malo ake ayenera kukhala aang'ono ndipo mbewu yake ikhale yopatsa ndalama zambiri pa bedi limodzi, monga repu, anyezi kapena tomato wochepa. Chimanga chingomuthyola msana. Thiredo pampu imakulitsa malowo ndipo sifuna mafuta, koma imafuna anthu awiri, wina wopalasa wina wogwira paipi, komanso madzi asakhale akuya kwambiri. Pampu ya injini imathirira malo aakulu mwachangu, koma petulo amadya phindu, ndipo ikamakoka pa mtsinje waung'ono imasowetsa madzi anzathu a kumunsi, chimene chimadzetsa milandu kwa amfumu chaka ndi chaka. Pampu ya sola ndi yodula pogula koma yotchipa poyendetsa, ndipo imagwirizana ndi mbewu zochedwa monga anyezi ndi kabichi wa Drumhead. Chida chilichonse chimene muli nacho, kuphimbira mabedi ndi udzu wouma kumachepetsa maulendo a kuchitsime, ndipo mpanda usaiwalike, pakuti anthu akakolola kuminda mbuzi ndi ng'ombe zimatayiriridwa.

Ndikati ndipereke maganizo anga mosapsatira, ndi awa. Mlimi wa kheni wokhala pafupi ndi msika aike repu ndi mpiru patsogolo, awonjezere mabedi ochepa a anyezi. Wokhala kutali ndi msewu asankhe anyezi wa Red Creole ndi nyemba, chifukwa mbewu ziwirizi zimadikira wogula. Kabichi ndi wa kumapiri, ndipo awokeredwe mosiyanitsa, mabedi ena lero ena patatha milungu iwiri, kuti mitu isakhwimire tsiku limodzi n'kuyamba kung'aluka. Chimanga chikhale cha amene madzi ake amafika Novembala mosakayikitsa. Tomato ndimamusiyira amene ali ndi mpamba, ndipo ngakhale iyeyo ndi bwino achedwetse nazale yake kufikira Ogasiti kapena Seputembala kuti akolole m'Disembala ndi Januwale pamene mtengo wakwera, podziwa kuti akatero adzakumana ndi chiwawu cha mvula yoyamba ndipo ayenera kukonzeratu mankhwala ake.

Pogawa mabedi, kumbukirani kuti tomato, kachewere ndi mabiringano ndi a banja limodzi ndipo amapatsirana matenda ofwetsa amene amakhalira m'nthaka, monganso kabichi, repu, mpiru ndi tchayinizi amapatsirana matenda otupitsa mizu. Pamene panali tomato chaka chatha pabwere nyemba kapena chimanga, pamene panali kabichi pabwere anyezi, ndipo banja lililonse lisabwerere pa bedi lomwelo zaka ziwiri kapena zitatu zisanathe.