Kufufuza gwero la matenda amgonagona: chipatala wamba, functional medicine, kapena kusintha kakhalidwe?

Amene wadwala kwa zaka amalidziwa funso lija limabwera pakati pa usiku anthu onse atagona: kodi zimenezi zinayamba bwanji? Ine landisowetsa tulo kwa nthawi yaitali. Shuga ankakwera pang'onopang'ono chaka ndi chaka, magazi ankathamanga ngakhale ndikumwa mankhwala, m'mimba munkafufuma, ndipo m'mawa ndinkadzuka thupi lili lefu ngati ndachezera kulima. Ndayendapo kuchipatala wamba, ndakhalapo pamaso pa dokotala wa functional medicine, ndipo pomaliza ndinatsata njira yachitatu imene ambiri saitchula n'komwe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho ndikufuna ndikuuzeni anzanga zimene ndinapeza kuseri kwa zitseko zitatuzi. Odwala tilipo ambiri. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti matenda osapatsirana monga a mtima, khansa, shuga ndi a m'mapapo amapha anthu pafupifupi 41 miliyoni chaka chilichonse, omwe ndi 74 pa 100 alionse amene amamwalira.

Ndiyambe ndi functional medicine, poti ndi imene imadzitcha mwini wake wa mawu akuti gwero. Anaiyambitsa ndi Jeffrey Bland wa ku America, katswiri wa biochemistry, amene anakhazikitsa Institute for Functional Medicine mu 1991. Inatchuka kwambiri mu 2014 pamene chipatala cha ku America cha Cleveland Clinic chinatsegula nthambi yake motsogoleredwa ndi Mark Hyman. Mfundo yawo ndi yakuti dzina la matenda silikuuza kumene achokera. Anthu awiri akhoza kuuzidwa kuti ali ndi shuga, koma wina wafikapo chifukwa cha kunenepa, mnzakeyo chifukwa cha mankhwala amene wakhala akumwa. Ndiye amafunsa zinthu zitatu: chimene chinakonza malo kuti matendawo amere, chimene chinawayatsa, ndi chimene chikusonkhezera motowo mpaka lero. Amatenga pepala n'kulemba moyo wako wonse pamzere umodzi, kuyambira mmene unabadwira, matenda a paubwana, maliro amene anakusweka nawo mtima, ntchito zimene wagwira, mpaka tsiku limene wabwera. Ulendo woyamba umatenga ola lathunthu kapena kupitirira.

Pepala limenelo linandithandiza, ndipo sindingabise. Titalemba zaka zonse, zinaonekera poyera kuti thupi linayamba kulemera ndiponso shuga kukwera m'zaka zimene ndinkagwira ntchito usiku. Kenako dokotalayo anafunsa mkazi wanga mmene ndimagonera. Iye anati ndimaliza mkonono kwambiri, ndipo nthawi zina mpweya umaima kwa kanthawi mpaka iye kuchita mantha n'kundigwedeza. Zaka zonsezo palibe amene anafunsapo zimenezi. Vuto lobanika kutulo ndi limodzi mwa zifukwa zodziwika bwino zimene zimachititsa kuti kuthamanga kwa magazi kusamve mankhwala.

Maganizo akuti matenda a ukalamba amadzalidwa kale ali ndi umboni. M'zaka za m'ma 1980, David Barker wa ku England anaonetsa kuti ana obadwa ochepa sikelo amadzadwala mtima kwambiri akakula. Anthu amene anali m'mimba mwa amayi awo pa njala ya ku Netherlands ya 1944 mpaka 1945 anadzapezeka ndi mavuto a shuga ndi mtima patapita zaka zambiri. Kafukufuku wa Vincent Felitti ndi Robert Anda, wofalitsidwa mu 1998, anasonyeza kuti nkhanza ndi mavuto a paubwana zimayendera limodzi ndi matenda a mtima, a chiwindi ndi a m'mapapo munthu atakula. Ngakhale nkhani ya kutupa kosaoneka kwa m'kati mwa thupi, imene a functional medicine amaikonda kwambiri, ili ndi pogwira. Mu 2017 kafukufuku wa CANTOS, wa anthu oposa 10,000 amene anadwalapo mtima, anapeza kuti mankhwala oletsa kutupa otchedwa canakinumab anachepetsa mavuto a mtima ndi pafupifupi 15 peresenti popanda kutsitsa cholesterol, mafuta a m'magazi aja, ngakhale kuti anawonjezera imfa zobwera ndi matenda a tizilombo.

Koma taonani kumene umboni wonsewu wachokera. Wachokera kwa ofufuza a chipatala wamba, chomwe chija amachinena kuti chimangosadza masamba osazula muzu. Mawu amenewo amandipweteka chifukwa si oona. Richard Doll ndi Austin Bradford Hill anaonetsa mu 1950 kuti fodya ndiye akubweretsa khansa ya m'mapapo. Kafukufuku wa ku Framingham ku America, amene anayamba mu 1948, ndi amene anatiphunzitsa kuti kuthamanga kwa magazi, cholesterol ndi kusuta zimatsogolera ku matenda a mtima. Willem Dicke, dokotala wa ana wa ku Netherlands, ndiye anazindikira kuti tirigu ndi amene ankawononga matumbo a ana odwala coeliac. Nanga zilonda za m'mimba? Kwa zaka zambiri anthu ankauzidwa kuti n'chifukwa cha nkhawa ndi asidi, mpaka Robin Warren ndi Barry Marshall a ku Perth ku Australia anapeza kachilombo ka Helicobacter pylori. Anzawo atakayikira, Marshall anamwa yekha tizilomboto mu 1984 n'kudwala, ndipo awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 2005. Lero munthu amamwa mankhwala kwa sabata imodzi kapena ziwiri, chilonda chimene chikanamuzunza moyo wonse n'kutha. Kuzula muzu kwenikweni n'kumeneko.

Chimene chipatala wamba chimaperewera ndi nthawi. Dokotala ali ndi mphindi zochepa, panja pali mzere, ndiye amagwira chimene chikuyaka lero. Ukadwala zambiri amakugawa ziwaloziwalo: wa mtima aona mtima, wa m'mimba aona m'mimba, ndipo palibe amene amakhala pansi kulumikiza. Uphungu wa kadyedwe ndi tulo umabwera m'chiganizo chimodzi uli pakhomo potuluka. Munthu amene magazi ake ayezedwa n'kupezeka bwinobwino koma akumvabe ululu amapita kwawo akudziona ngati wabodza. Ambiri amene amathamangira ku functional medicine akuthawa zimenezi, ndipo ine ndimawamvetsa.

Pamene ndinasiyana nawo a functional medicine ndi pa zoyeza. Pepala la moyo lija litatha, anandipatsa mndandanda wautali wa zoti ndiyezetse, ndipo apa m'pofunika kutsegula maso.

Choyamba chinali kuyeza magazi kuti aone zakudya zimene thupi langa silikugwirizana nazo, pogwiritsa ntchito chitetezo cha m'magazi chotchedwa IgG. Zotsatira zinabwera ndi zakudya zambirimbiri zofiiritsidwa, pafupifupi zonse zimene ndinkadya kawirikawiri. Ndinadzamva pambuyo pake chifukwa chake. IgG imangosonyeza kuti thupi lakumanapo ndi chakudyacho, ndipo mabungwe a madokotala a ziwengo ku America, ku Canada ndi ku Ulaya amaletsa kugwiritsa ntchito kuyeza kumeneku pofufuza matenda. Choopsa china n'chakuti ukasiya tirigu usanayezedwe coeliac, zotsatira zimatha kunama kuti ulibe, chifukwa kuyezako kumafuna kuti ukhale ukudyabe gluten, chinthu chopezeka mu tirigu.

Chachiwiri anati tiziwalo ta pamwamba pa impso tatopa chifukwa cha nkhawa, matenda amene amawatcha adrenal fatigue. Dzinali analiyambitsa ndi James Wilson mu 1998. Mu 2016 ofufuza awiri a ku Brazil, Cadegiani ndi Kater, anasanthula akafukufuku 58 ndipo sanapeze umboni woti matendawa alipo. Matenda enieni a tiziwaloti, monga a Addison, alipo ndithu, amatha kupha, ndipo chipatala wamba chili ndi njira yodalirika yowayezera. Nkhani ya matumbo obooka nayo ili pakatikati. N'zoona kuti khoma la matumbo limatha kulola zinthu zambiri kudutsa, monga mwa odwala coeliac ndi matenda otupitsa matumbo a Crohn. Koma kunena kuti limeneli ndi gwero la kutopa, nyamakazi, ziphuphu ndi kukhumudwa zonse pamodzi ndi kulumpha kumene umboni sunafike.

Pali masamu ena amene ndikanakonda wina akanandiuza kale. Malire a zotsatira zabwinobwino amaikidwa kuti akwane anthu athanzi 95 pa 100. Ndiye munthu wathanzi akayezetsa zinthu 20 zosadalirana, mwayi woti chimodzi chituluke kunja kwa malire ndi pafupifupi 64 peresenti. Ukayeza zambiri sulephera kupeza kanthu. Kanthuko kamasanduka gwero, gwerolo n'kufuna botolo lake la mapilisi, ndipo nthawi zambiri wokuyeza ndi yemweyo amene akugulitsa mabotolowo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mavitamini si madzi akumwa. Ku Finland, kafukufuku wa amuna osuta pafupifupi 29,000 anapeza mu 1994 kuti amene ankamwa mapilisi a beta-carotene, chomwe thupi limasandutsa vitamini A, anadwala khansa ya m'mapapo kwambiri, ndi 18 peresenti, kuposa amene sankamwa. Vitamini wotchedwa biotin akachuluka amasokoneza zotsatira za chithokomiro ndi za troponin, chomwe madokotala amayeza pofuna kudziwa ngati mtima wavulala, moti bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linachenjeza za zimenezi mu 2017.

Kodi njira yonseyi inayesedwapo? Mu 2019 a Cleveland Clinic anafalitsa zotsatira zosonyeza kuti odwala a kunthambi yawo ya functional medicine ankanena kuti akupeza bwino patatha miyezi 6 kuposa a kuchipatala wamba. Koma odwalawo anasankha okha kopita, sanagawidwe mwamaere, ndiye n'kovuta kusiyanitsa mphamvu ya njirayo ndi mphamvu ya kumvetseredwa kwa ola lathunthu.

Njira yachitatu ndi imene amaitcha lifestyle medicine, kuchiza posintha kakhalidwe. Bungwe lake la ku America linakhazikitsidwa mu 2004. Ilibe zoyeza zachilendo. Imagwira kadyedwe, kugwiritsa ntchito thupi, tulo, nkhawa, kusiya fodya ndi mowa, komanso kukhala ndi anthu. Zimamveka zozizira poyerekeza ndi nkhani za matumbo ndi mahomoni, koma umboni wake ndi wolemera kuposa wa nkhani zimenezo. Mu 2002 kafukufuku wa Diabetes Prevention Program, wa anthu 3,234 amene shuga anali atayamba kukwera, anawagawa mwamaere. Amene anathandizidwa kuchepetsa 7 peresenti ya kulemera kwawo ndi kulimbitsa thupi mphindi 150 pa sabata anachepetsa chiopsezo cha matenda a shuga ndi 58 peresenti. Amene anapatsidwa mankhwala a shuga otchedwa metformin anachepetsa ndi 31 peresenti. Mu 2017 kafukufuku wa ku Britain wa DiRECT, wotsogoleredwa ndi Mike Lean wa ku Glasgow ndi Roy Taylor wa ku Newcastle, anapita patsogolo. Anthu amene anali ndi shuga wa mtundu wachiwiri kwa zaka zosapitirira 6 anaikidwa pa chakudya chochepa kwambiri kwa miyezi ingapo moyang'aniridwa. Patatha chaka, 46 pa 100 shuga wawo anali atabwerera m'malo popanda mankhwala, ndipo mwa amene anataya makilogalamu 15 kapena kuposa, anali 86 pa 100. Taylor amafotokoza kuti mafuta odzaza m'chiwindi ndi m'kapamba ndi amene amatsamwitsa insulin, homoni yotsitsa shuga m'magazi, ndipo akachoka ziwalozo zimadzukanso. Vuto lake n'kusunga. Pofika chaka chachiwiri chiwerengero chija chinatsika kufika pa 36 pa 100, chifukwa thupi limakonda kubwerera kumene linali.

Ndiye ndani apite kuti? Ngati muli ndi shuga wa mtundu woyamba, khansa, matenda a impso, khunyu, kapena nyamakazi yotupitsa mfundo, malo anu ndi kuchipatala wamba, ndipo musasiye mankhwala chifukwa wina wakulonjezani kuti wapeza muzu. Nyamakazi ya mtundu umenewo imadya mfundo m'zaka zoyambirira, ndipo zimene zadyeka sizibwerera. Ngati shuga wangoyamba kukwera, chiwindi chachita mafuta, kapena magazi akuthamanga pang'ono, njira yachitatu ndi imene ili ndi zambiri zokupatsani, dokotala wanu akudziwa n'kumasintha mankhwala. Ngati muli m'gulu lovuta lija la otopa, ofufuma m'mimba ndi omva ululu wosadziwika, yambani mwayezetsa zodziwika: kuchepa kwa magazi, chithokomiro, vitamini B12, coeliac, kubanika kutulo, ndi matenda a maganizo. Zikapanda kuoneka, dokotala wa functional medicine amene alinso ndi chiphaso cha udokotala akhoza kukuthandizani kuona moyo wanu wonse. Pa chilichonse chimene akufuna kuyeza, mufunseni kuti zotsatira zake zisintha chiyani pa chithandizo, ndiponso ngati iye amapindula ndi zimene akukuuzani kugula.

Pali gwero lina limene njira zonse zitatu zimaligwira mofooka. Kafukufuku wa Whitehall, pakati pa ogwira ntchito m'boma ku London, amene Michael Marmot amadziwika naye, anapeza kuti amuna a maudindo otsikitsitsa ankamwalira kuwirikiza pafupifupi katatu poyerekeza ndi a pamwamba, ndipo fodya ndi cholesterol sizinafotokoze kusiyana konseko. Umphawi, ntchito yopanda ufulu, mpweya woipa ndi chibadwa sizichoka ndi kusala chakudya. Ndaona anzanga akudziimba mlandu kuti sakuchira chifukwa sanatsate malamulo mokwanira, ndipo zimandiwawa.

Kubanika kwanga kutulo kunatsimikizidwa kuchipatala wamba, ndipo tsopano ndimagona ndi makina othandiza kupuma. Mabotolo aja ndinawasiya, zakudya zofiiritsidwa zija ndinabwerera kuzidya popanda vuto. Ndimayenda mphindi 30 masiku asanu pa sabata, thupi lapepukako, ndipo dokotala anandichotsera mtundu umodzi wa mankhwala a magazi, wina ndikumwabe. Pepala la moyo wanga lija ndinalisunga. Ndikapita kukaonana ndi dokotala watsopano ndimalitenga, n'kuliika patebulo asanayambe kulemba.