Nyenyezi 4 pa 5: kasitovu ndi kabwino, koma dzina lili pabokosi si la amene anakapanga

Kasitovu ka gasi aka ndinakagula pa shopu ina ya pa intaneti kuno ku UK yogulitsa matenti ndi zikwama za oyenda m'mapiri, dzina lawo sinditchula. Bokosi lake lokongola, logo yawo pamwamba, mpaka kathumba kosungiramo kali ndi logo. Ndakagwiritsa ntchito chilimwe chonse ku Peak District ndi ku Lake District, madera a mapiri a ku England, ndiye ndati ndilembeko, makamaka kwa anzanga amene mumafuna kudziwa kuti ndalama zanu mukulipirira chani kwenikweni.

Mwachidule, iyi ndi Fire-Maple FMS-300T, ija ena amaitcha Hornet, yopangidwa ku China. Shopuyo inangosindikizapo dzina lake basi.

Ndinadziwa bwanji? Chinandikayikitsa ndi kapepala ka malangizo, kalembedwa kuti kapangidwa ku China koma fakitale osaitchula. Nde ndinakaika pa sikelo ya kukhitchini, magalamu 45. Pakapepala mphamvu ya moto 2600W. Manambala awiriwa ndinangowalemba pa Google pamodzi ndi mawu oti titanium (chitsulo chopepuka chomwe anakapangira), zithunzi zinabwerazo ndi kasitovu kangaka ndendende, timikono titatu togwira poto topindikira pansi, kawaya kochepetsera moto, kamutu kotulutsa moto kakang'onong'ono kaja, ngakhale mano a pa timikono ndinawawerenga ndi kuyerekeza ndi chithunzi, osasiyana olo pang'ono. Komanso si shopu iyi yokha, Alpkit Kraku ya kuno ndi Olicamp Ion ya ku America anthu oyenda m'mapiri amadziwa kale kuti ndi kasitovu komweka kovala mayina ena. Palibe chakuba apa, malonda ake amayenda choncho, fakitale imodzi imapangira makampani ambirimbiri. Kovea ya ku South Korea nayonso imadziwika ndi zomwezi.

Chimodzi choti musapusitsike nacho, manambala anayi amene amakhala pambali pa chizindikiro cha CE (chosonyeza kuti katundu wakwaniritsa malamulo a chitetezo a ku Ulaya) si a kampani yopanga ayi, ndi a bungwe lomwe linayesa sitovuyo ndi kuivomereza. Ena amawasaka pa intaneti kenako n'kumati apeza fakitale. Ndipo kufanana nkhope kokha sikokwanira chifukwa zokopera zilipo zambiri pamsika, muyenera kuona kulemera, ma watt, ndi kapangidwe ka mutu wake zonse zigwirizane. Mwachitsanzo BRS-3000T ukaiona patali pa chithunzi ungati ndi yomweyi koma iyo ndi ya magalamu 25 ndipo ndi ya kampani ina.

Pa ntchito kali bwanji? Madzi a tiyi mu kapu yachitsulo amawira msanga usanamalize n'komwe kukhoma zikhomo za tenti. Moto umachepetseka bwino, phala la oats ndimaphika osapserera bola uzitakasa, chifukwa moto wake umawomba pakati penipeni pa poto, m'mbali simufika kwenikweni. Kamalira heve mukakatsegula konse, anzako mu tenti yoyandikana amadzuka. Kalibe batani loyatsira, musaiwale machesi kapena laita. Kukachita mphepo moto umathawira mbali, ine ndimatchinga ndi chikwama chapatali pang'ono, osazinga chitini cha gasi ndi chitsulo chifukwa chikatentha ndi ngozi.

Nsima iwalani abale. Timikonoto ndi tifupitifupi, poto wamkulu amakhala mogwedera, nde tangoganizani mukuvundula ndi mthiko pamwamba pa chitini chomwe chaima pa udzu. Aka ndi ka tiyi, khofi, manudozi ndi supu, ka munthu mmodzi kapena awiri.

Za gasi, kamamangidwa pa zitini za mazinga zija za EN 417, za magalamu 100, 230 kapena 450, kampani iliyonse. Zitini za Campingaz zabuluu zongodina zija sizilowa. Kwa amene mukuganiza zopita nako kumudzi kukakwera Mulanje, kasitovuko kakhoza kukwera ndege kali koyera kopanda fungo la gasi, koma zitinizo saloleza m'ndege, ndiye yambani mwafufuza komwe mukapeze gasi wake musanakanyamule.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha shopuyo osati sitovu. Mtengo wawo unali wokwererapo kuposa womwe ndinaona pa dzina la eni ake, pomwe chowonjezera ndi logo ndi kathumba basi, ndipo nditawalembera kufunsa kuti anawapangira ndani anangoyankha kuti ndi chinsinsi cha kampani. Chinsinsi chanji choti sikelo ya kukhitchini yaulula? Ubwino wogula kwa iwo ndi woti kakavuta mumabweza konkuno osalimbana ndi zotumiza kunja, kwa ena zimenezo n'zokwanira kuwonjezera mapaundi angapowo. Ine kachiwiri ndidzangolemba FMS-300T n'kusankha komwe kwatchipa.