Desikitopu yakale kapena laputopu yakale: yolumikiza ku zoimbira zodzipangira kuno ku Chigwa cha Shire

Chionereni valimba yamagetsi imene ndinapanga, anyamata a ku Nchalo ndi a kwaya ina ya ku Bangula sakundipumitsa ndi funso limodzi: "Achimwene, ifenso tikufuna kupanga yathu, tigule kompyuta yanji?" Palibe mwa iwo amene ali ndi ndalama ya kompyuta yatsopano, ndiye mpikisano uli pakati pa desikitopu yakale ndi laputopu yakale. Zonse ziwiri ndazigwiritsapo ntchito ndipo mbali yanga ndinasankha kale.

Kwa amene sanachione chipangizocho, ndi matabwa 16 oyalidwa ngati a valimba ya kwathu ku Nsanje. Pansi pa thabwa lililonse ndinamata kachitsulo kozungulira ka piezo, kamene kamamva kugunda, pamodzi ndi resistor ya 1 megaohm, mawaya onse n'kukumana pa multiplexer ya 4067 (kachipangizo kosonkhanitsa mawaya ambiri pa waya umodzi), kenako pa Arduino (kabolodi kakang'ono kamene mumakaikamo pulogalamu). Mukamenya thabwa, Arduino imatumiza uthenga wa MIDI (chilankhulo chimene zoimbira zamagetsi zimalankhulirana ndi kompyuta) ku kompyuta, kompyutayo n'kuliza mawu a valimba yeniyeni amene ndinajambula, ndi kunjenjemera kwa zipanda zake komwe. Mawuwo amatulukira pa ampulifaya ya TDA2030 imene ndinawotcherera ndekha. MIDI inayamba mu 1983, ndipo uthenga wake ndi wopepuka kwambiri moti kompyuta yakale ya Core 2 Duo yokhala ndi RAM ya 4GB imanyamula osamva kulemera. Wogulitsa asakunamizeni kuti mukufunika makina amphamvu.

Desikitopu ili ndi zabwino zake, sindikukana. Ndi yotsika mtengo, ndipo m'kati mwake muli malo ambiri, moti mu Okutobala ndi Novembala kutentha kukapitirira madigiri 40 ku Ngabu, iyo imapumabe bwino. Fumbi likadzaza mumatsegula chivundikiro n'kupemerera, basi. Zakale zambiri zilinso ndi polowetsa khadi ya mawu ya PCI. Zikanakhala kuti magetsi sathima, nkhani ikanathera pomwepa.

Koma tili kumene tili. Namondwe Ana ataononga siteshoni ya Kapichira ku Chikwawa mu Januwale 2022, dziko linataya mphamvu pafupifupi 130 megawatts, ndipo tonse tikukumbukira mmene masiku ankathera opanda magetsi. Ambiri amene akundifunsawa kwawo kulibe ndi mawaya omwe, amadalira sola ndi batire. Apa ndi pamene desikitopu imaonetsa mtengo wake weniweni, umene wogulitsa wina wa ku Limbe sananditchulire pondiyamikira makina ake. Desikitopu imafuna magetsi a 230 volts, ndiye pakati pa batire ndi kompyuta pafunika inverter, chipangizo chosandutsa magetsi a batire kukhala ngati a pa mawaya. Ndinagula yotchipa, ya mtundu umene amalemba kuti modified sine wave. Kompyuta inayaka bwinobwino, koma nditangotsegula ampulifaya, sipika inayamba kulira zzzz mosalekeza ngati udzudzu wa ku Elephant Marsh, ndisanamenye ndi thabwa limodzi lomwe.

Chifukwa chake n'chakuti inverter yotereyi situlutsa magetsi osalala a 50 Hz ngati a pa mawaya. Imawadula m'masitepe, ndipo m'mphepete mwa sitepe iliyonse mumabadwa phokoso. Ampulifaya ya ku fakitale imakhala ndi zosefera, koma yodzipangira m'bokosi lathabwa, yopanda chitsulo chotchinga, imatola chilichonse. Phokoso lomwelo linkalowanso m'mawaya aatali a piezo, Arduino n'kumaganiza kuti wina wamenya thabwa, valimba n'kumadziimba yokha pakati pa nyimbo. Ndinakweza malire mu pulogalamu kuti isamamve tizinthu tating'ono, koma pamenepo kumenya kofewa kunasiya kumveka, ndipo valimba yopanda kumenya kofewa si valimba ayi. Mankhwala ake ndi inverter ya pure sine wave, imene mtengo wake unandiposera wa desikitopu yeniyeniyo.

Werengeraninso batire. Ya 100Ah pa 12 volts imasunga 1,200 watt-hours, koma ya asidi simuyenera kuikhetsa kupitirira theka ngati mukufuna ikhalitse, ndiye muli ndi 600. Desikitopu yakale ndi sikirini yake zikamadya cha m'ma 120 watts, kuwonjezera zotayika mu inverter, pakatha maola anayi mwayamba kale kuipha batireyo. Laputopu imene ikudya 25 watts pa ntchito yomweyi imatha tsiku lonse la ukwati pa batire yomweyo.

Ine ndinakhazikika pa ThinkPad T420, makina a mu 2011, ndipo aliyense wondinyoza nayo ndimamuuza abwere adzamve. Siifuna inverter n'komwe: pali chaja ya m'galimoto imene imatenga 12 volts pa batire n'kukweza kufika pa 20 volts zimene laputopuyi imafuna. Magetsi akathima pakati pa kujambula, batire yake ya m'kati imagwirizira, ntchito osatayika. Kunyamula pa kabaza kupita ku tchalitchi sikufunanso kufotokoza.

Laputopu nayo ili ndi nthenda zake ziwiri. Yoyamba ndi kutentha: fani yake ndi yaing'ono, fumbi likatseka imayamba kudzichepetsa liwiro, mawu n'kumadukaduka. Itseguleni, mupukute, musinthe thermal paste (phala lochotsa kutentha pa purosesa), ndipo muziikhazika pa timatabwa tiwiri kuti mpweya uzidutsa pansi. Yachiwiri ndi kang'ung'udza kamene kamabwera mukalumikiza chaja ndi ampulifaya pa magetsi amodzi. Kuyesa kwake n'kosavuta: zulani chaja, kakasiya, mwapeza gwero. Kathiransifoma kakang'ono ka ground loop isolator pa waya wa mawu kamathetsa.

Za Arduino ndi zofanana pa makina onse awiri, koma zikhoza kukudyerani sabata. Ma Arduino Uno otchipa ambiri ali ndi chip ya CH340, imene kompyuta imaiona ngati serial port wamba osati chida cha MIDI. Pafunika driver wake, kenako Hairless MIDI ndi loopMIDI kuti uthenga ufike ku pulogalamu yoimbira, mapulogalamu awiri owonjezera oti muziyatsa nthawi zonse. Gulani Arduino Pro Micro kapena Leonardo, za chip ya ATmega32U4: mukaziika pulogalamu yotumiza MIDI pa USB n'kuzilowetsa pa kompyuta, Windows 7 imazizindikira yokha ngati kiyibodi ya MIDI. Windows 7 inasiya kulandira zotetezera mu Januwale 2020, choncho makinawo asamayende pa intaneti. Pa mapulogalamu oimbira, FL Studio zatsopano zimafuna Windows yatsopano, pamene Reaper ndi yopepuka ndipo imayendabe pa zakale. Ikani driver wa mawu wotchedwa ASIO4ALL, buffer yake ikhale pa 256: pa 44,100 Hz kumeneko ndi kuchedwa kwa mamilisekondi osakwana 6, dzanja silizindikira. Mukaisiya pa driver wamba wa Windows, mawu amabwera mutanyamula kale ndodo.

Ena akuti bwanji foni. Android imalandira MIDI ya pa USB kuyambira pa 6.0, koma mafoni otchipa amachedwetsa mawu, ndiye ndi yongoyeserapo ngati matabwa akugwira. Kompyuta yaing'ono ya Raspberry Pi ndi yabwino kwa amene ali ndi m'bale woitumiza kuchokera kunja.

Desikitopu ndingailole kwa amene ali ndi kasitudiyo pa boma, pa mawaya a magetsi, ndipo sanyamula zida kupita kwina. Ena nonse, mukapita kukagula laputopu, tengani Arduino yanu ndi waya wa mawu. Yesani mabowo onse a USB, lowetsani mahedifoni mumve ngati bowo lake silikukhwepa, kenako muuzeni wogulitsa azule chaja inu mukuyang'ana. Ikazima pomwepo, batire yafa, ndipo mtengo wa batire ina auchotse pa ndalama imene akukutchulirani.