Ndemanga: The Courage of Compassion ndi fomu ya ProQOL, kwa ma in-charge a m'mawodi

Tikupereka nyenyezi zinayi pa zisanu. Ndife anamwino oyang'anira mawodi kuno ku Chipata, ndipo tikulembera makamaka mnzathu amene wangopatsidwa u in-charge, makiyi a kabati ya mankhwala ali m'thumba, koma za kayang'aniridwe ka anthu palibe anamuphunzitsapo.

The Courage of Compassion ndi lipoti la bungwe la The King's Fund la ku London. Linatuluka mu September 2020, olemba ake ndi Michael West, Suzie Bailey ndi Ethan Williams. Ndi laulere pa intaneti, mmodzi akalikoka ndi bando yake ena alandira pa WhatsApp. Masamba ake apitirira 100, choncho musawononge mapepala a ofesi. Pulintani chidule ndi malangizo ake 8 basi. Mfundo yake ndi yoti namwino, kuti asafooke, amafunika zinthu zitatu: akhale ndi mawu pa ntchito yake, adziwe kuti anzake amamuwerengera, ndiponso aziona kuti ntchito akuitha ndipo ikuphula kanthu.

Kumene lipotili lathandiza kwambiri ndi pa rosta, chifukwa madandaulo ambiri a m'wodi amayambira pomwepo. Olembawo amaika chilungamo ndi kagawidwe ka mashifiti pansi pa chifundo, ndipo apa tagwirizana nawo kotheratu. In-charge watsopano amayesa chifundo ndi kuvomera aliyense wobwera kudzapempha ofu. Mapeto ake, olankhula kwambiri ndi amene amagona kunyumba, pamene wofatsa ndi amene wangochoka kumene kusukulu akusenza manaiti onse. Chochita ndi ichi. Ikani kope la zopempha patebulo milungu iwiri rosta isanalembedwe, ndipo tsiku lolitsekera lidziwike. Lembani rosta ndi pensulo, kenaka werengani manaiti, ma Sabata ndi maholide a munthu aliyense m'miyezi itatu yapitayi, ndipo chiwerengerocho chikhomedwe pambali pa rosta kuti aliyense aone. Ofuna kusinthana asaine onse awiri. Maliro ndi matenda sizichenjeza, zimenezo mudzaziona zikafika, koma Nc'wala ku Mtenguleni kumapeto kwa February ndi Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa August zimadziwika chaka chisanayambe. Ya February ndiyo yovuta, chifukwa imagwa m'dzinja pamene malungo adzaza wodi ya ana. Gawani mu January amene apite chaka chino, ena adzapite chaka chamawa.

West amaphunzitsanso kuti mtsogoleri wachifundo amachita zinthu zinayi: kumvetsera, kumvetsa chimene chikuvuta, kumva naye munthuyo, ndi kuthandiza. M'wodi izi zimatheka ndi mphindi 15 pa munthu aliyense kamodzi pamwezi, m'chipinda chotseka, foni ili m'dirowa. Osati pa tebulo la manesi, poti pamenepo odikirira odwala amamva zonse. Ambiri amalakwitsa poima pa chachitatu. Amamvetsera bwino, amapepesa, koma palibe chosintha, ndipo mwezi wotsatira namwino amangoyankha kuti "zonse zili bwino, a Sista." Musanadzuke, gwirizanani chinthu chimodzi chokha chimene mungathe, monga kumuchotsa pa naiti yachinayi yotsatizana kapena kumupezera woti amuonetsenso kaikidwe ka kanyula pa khanda. Chilembeni ndi deti lake.

Pa zolakwa, tsatanetsatane wa mafunso ndi wofunika. Namwino akapereka mlingo wolakwika wa mankhwala, yambani ndi wodwala: ali bwanji, dokotala wauzidwa? Kenaka funsani zimene zinachitika, odwala analipo angati, pa shifiti anali ndi ndani, zolemba pa tchati zinali zowerengeka kapena ayi. Funso loti wolakwa ndani libwere pomaliza. Amy Edmondson wa ku Harvard anapeza mu 1996 kuti magulu a anamwino otsogozedwa bwino ndi amene ankanena zolakwa zambiri, chifukwa sankaopa kuziulula. Ndiye buku la zolakwa likakhala loyera miyezi ingapo musasangalale. Kawirikawiri ndi umboni woti wina anakalipiridwa pagulu ndipo ena onse anatengerapo phunziro.

Nyenyezi yachisanu taimana pa zifukwa ziwiri. Lipotili linalembedwera manesi ndi azamba a ku UK, kotero zitsanzo zambiri zimayembekezera chipinda chopumulira, alangizi a zamaganizo a pantchito ndi ndalama zolembera ogwirizira. Malangizo ena ndi a akuluakulu olemba anthu ntchito, in-charge sangachitepo kanthu. Chachiwiri, pa nkhani yodzidziwa wekha mtsogoleri, lipotili silifika patali.

Mpata umenewo ndi umene ProQOL imatseka. Ndi fomu ya Beth Hudnall Stamm, nayonso yaulere, ndipo yofala ndi yachisanu ya 2009. Ili ndi ziganizo 30, chilichonse mumachipatsa nambala kuyambira 1 mpaka 5 poganizira masiku 30 apitawa. Mphindi khumi zakwana. Imayeza zinthu zitatu, chilichonse ndi ziganizo 10: kukhutira ndi ntchito yothandiza anthu, kutheratu mphamvu ndi chidwi, ndi mantha otsalira chifukwa choona zoopsa za ena. Mukawonkhetsa gawo lililonse, 22 kutsika pansi ndi zochepa, 23 mpaka 41 ndi zapakati, 42 kupita m'mwamba ndi zambiri. Msampha uli pa ziganizo 1, 4, 15, 17 ndi 29. Izi zimatembenuzidwa musanawonkhetse: 5 akhale 1, 4 akhale 2, 2 akhale 4, 1 akhale 5, ndipo 3 sasintha. Mukaiwala, gawo la kutheratu mphamvu lituluka labodza. Kumbukiraninso kuti pa kukhutira, nambala yaikulu ndi yabwino, pamene pa zinazo ndi chenjezo.

In-charge ayambe wadzaza yekha asanapatse anzake, chifukwa kukalipa kwambiri pa ripoti ya m'mawa nthawi zina kumachokera m'kutopa kwa mwini wake. Abwerezenso pakatha miyezi itatu n'kufananiza. Mukagawira wodi yonse, mayina asalembedwe, aliyense adziwonkhetsere, pepala lipite naye kunyumba. Zotsatira zake zisayandikire fomu ya APAS, yoyezera kagwiridwe ka ntchito pachaka, ngakhale pang'ono, apo ayi aliyense adzangolemba zokometsera. Fomuyi siyeza matenda. Amene nambala zake za kutheratu mphamvu kapena za mantha zakwera ndipo tulo sakupeza akaonane ndi a zamaganizo, osati kungopatsidwa ofu ya masiku awiri.

West analembanso buku lathunthu lotchedwa Compassionate Leadership mu 2021. Limenelo ndi logula, ndipo poitanitsa kunja pamafunika khadi ya kubanki ndi ndalama yotumizira. Limodzi la mu ofesi ya matroni ndi lokwana, anthu azibwerekana posaina. Namwino amene ali yekha pa health post ya ku Vubwi kapena ku Chama, wopanda rosta yogawa, angotenga ProQOL, lipotilo adzaliwerenga akadzapatsidwa anthu owayang'anira.