Mndandanda wa komiti ya ukwati pafoni: To Do, Keep, Todoist kapena TickTick?

Chindionereni ndikuyendetsa ntchito za komiti ya ukwati wa mlongo wanga pafoni, anthu sakundipumitsa. Wina amandigwira dzanja potuluka m'tchalitchi, wina amalemba pa WhatsApp usiku: "Kodi ija munkachongamo zinthu ija ndi pulogalamu yanji?" Ndiye ndati ndilembe kamodzi, wofunsa aliyense ndizingomutumizira.

Zoti iyi ndi yooneka bwino, iyi imalira mokoma mukachonga, sinditaya nazo nthawi. Zonse zimalemba ntchito, zonse zimalola kuchonga, zonse zimakumbutsa. Musanaike iliyonse mufoni, dziwani kaye kuti ndi anthu angati angalowe mumndandanda umodzi asanakuuzeni kuti lipirani, ndiponso kuti ndalama yolipirayo ndi ya dziko liti.

Ndikunena chonchi chifukwa zinandiwawa. Komiti yathu inali ya anthu oposa khumi, ena ku Lilongwe, ena ku Blantyre, achimwene athu ku Johannesburg, azakhali ku Dedza. Poyamba tinatenga pulogalamu ina yomwe sinditchula dzina. Pa Play Store panalembedwa kuti ndi yaulere. Ndinakhala pansi usiku wonse kulembamo zonse: holo, mipando, matenti, mpunga, nkhuku, mafuta ophikira, zakumwa, wojambula, galimoto ya mkwatibwi, mabeseni a perekaniperekani, anyamata osintha ndalama. Ntchito itatha, ndinayamba kuitana anthu. Nditafika pa munthu wachitatu, inandiimitsa: kugawana ndi anthu ambiri ndi kwa olipira, koma mukhoza kuyesa sabata imodzi ulere, ingoikani khadi la kubanki. M'zilembo zikuluzikulu anaika mtengo wa pamwezi, wooneka wochepa. Zoti adzadula ndalama ya chaka chonse nthawi imodzi anaziika m'tizilembo totuwa pansi penipeni, poti chala chimaphimba munthu akagwira foni.

Sabata itatha, meseji ya kubanki inalowa m'mawa. Ndalama ya miyezi 12 yapita, m'madola, yosinthidwa pa mtengo wa banki ndi zowonjezera zake. Muakaunti yomweyo ndi momwe munali zopereka za abale, ndalama yoti ndikapereke dipoziti ya holo. Ndinapempha kuti andibwezere, ndipo inabwera patapita masiku. Koma mndandanda unatsekeka tsiku lomwelo. Anzanga onse anatulutsidwa, zomwe anachonga ndi zomwe analemba m'munsi mwa ntchito zawo sizinkaonekanso kwa iwo, ndipo panalibe batani lokopera zonse n'kuzitumiza kwina. Ndinakopera ndi manja mzere ndi mzere m'kope la sukulu, ukwati utatsala masabata ochepa, amayi akuimba foni kufunsa ngati wa matenti walipiridwa. Mpaka lero pulogalamu yondipempha khadi ndisanaone momwe imagwirira ntchito ndi anthu anga sindiikhulupirira.

Zinthu ziwiri zomwe ambiri sadziwa. Kuchotsa pulogalamu mufoni sikuimitsa kudula ndalama; muyenera kulowa mu Play Store, kudina chithunzi chanu pamwamba, kupita pa "Payments & subscriptions" n'kuletsa pamenepo. Ndipo ngati adula kale, pemphani kubwezeredwa asanathe maola 48, chifukwa ikadutsa nthawi imeneyo nkhani imakhala pakati pa inu ndi eni pulogalamuwo. Kumbukiraninso kuti mtengo wa m'madola sukhala pamodzi kwa ife. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene analembetsa kulipira pachaka izi zisanachitike anapezeka akulipira makwacha ochuluka kwambiri pa chinthu chomwecho. Onjezanipo kusowa kwa ndalama zakunja komwe kumapangitsa kuti makhadi azikana kulipira zinthu za pa intaneti, muona kuti kumanga ntchito ya anthu ambiri pa pulogalamu yolipira ndi kuyika khosi pachabe.

Tsono tiyeni tione zomwe anthu amatchula kawirikawiri.

TickTick ndi yabwino kwa munthu mmodzi. Yaulere imalola mindandanda 9, ntchito 99 pamndandanda uliwonse, koma kugawana ndi munthu mmodzi yekha. Mwamuna ndi mkazi wake zawakwanira. Komiti, iwalani.

Google Tasks musavutike nayo, mndandanda wanu simungaupereke kwa mnzanu kuti azichongamo. Reminders ya Apple ndi yaulere, imagawana bwino, ndipo kuyambira pa iOS 14 imalola kupatsa munthu ntchito yake. Vuto ndi loti ilibe pulogalamu ya pa Android. Mukomiti yathu iPhone inali imodzi yokha, ya achimwene a ku Johannesburg. Ena tonse ndi Tecno, Itel ndi Samsung. Nkhani inathera pomwepo.

Todoist ndimaipatsa ulemu. Yakhalapo kuyambira 2007, ndipo mwa zonsezi ndi yomwe inaganiziridwa bwino kwambiri pa ntchito ya gulu. Mumapatsa munthu ntchito ndi dzina lake, pansi pa ntchito iliyonse anthu amalemba ndemanga, ndipo mukhoza kuona amene anasintha chiyani m'sabata yapitayo. Mukalemba tsiku m'Chingerezi mkati mwa chiganizo, imazindikira yokha n'kuika pakalendala. Mukalemba kuti "mawa" kapena "Loweruka" sizimva, muyenera kudina nokha. Koma yaulere ili ndi mpanda: mapulojekiti (ndiko kuti mindandanda) 5, ndi anthu 5 papulojekiti iliyonse. Kale inkalola mapulojekiti 80 aulere, kenako anatsitsa kufika pa 5. Sakubisa, analemba poyera patsamba lawo la mitengo, ndipo pa ichi ndimawayamikira. Kwa kagulu ka anthu anayi oyendetsa shopu kapena omanga nyumba ya makolo kumudzi, ndingaisankhe mosakayika. Kwa komiti ya ukwati, ya maliro, ya kwaya kapena ya banki m'khonde, anthu 5 ndi ochepa, ndipo mukayamba kusankha woti alowe ndi woti atsale kunja mwayambitsa kale mlandu wina. Malire amenewa makampani amasinthasintha, choncho onani patsamba la mitengo tsiku lomwe mukuyamba.

Google Keep ndi yomwe imalowa msanga kuposa zonse. Inatuluka mu 2013, ndi yaulere kwathunthu, ndipo pafupifupi aliyense wa foni ya Android ali nayo kale akaunti ya Google chifukwa Play Store sitseguka popanda iyo. M'mafoni ambiri Keep imabwera ili momwemo. Mumalemba mndandanda wa timabokosi, mumaika imelo ya mnzanu, basi walowa. Kunyumba kwathu ndi yomwe timagwiritsa ntchito pa zogula. Mayi a kunyumba akalemba sopo, shuga, mchere ndi usipa ali kuntchito, ine ndili mumsika ndimaona zikulowa, ndikachonga chinthu chimatsikira pansi chitadulidwa mzere. Mukhoza kuikamonso chithunzi cha risiti kapena kujambula mawu. Pa zimenezi palibe yoiposa.

Pomwe imalephera ndi pa funso loti ntchito iyi ndi ya ndani. Keep sipatsa munthu mzere wake, ndipo chikumbutso chimakhala cha pepala lonse, osati cha ntchito imodzi imodzi. Anthu amazemba vutoli polemba dzina kutsogolo, monga "Amalume: mipando", koma foni ya amalume siwakumbutsa kanthu. Komanso aliyense amene mwamulowetsa akhoza kufufuta mzere uliwonse. Mwana akatenga foni ya mayi ake kusewera nayo, mzere wa wojambula ukhoza kusowa kwa anthu onse nthawi imodzi, inu n'kumaganiza kuti ntchitoyo inatha.

Yomwe tinathera ndi Microsoft To Do, ndipo pano ndivomere kuti mtima wanga unali kale kumeneko. Amene tinayamba zinthuzi kalekale tikukumbukira Wunderlist, ya kampani ya 6Wunderkinder ya ku Berlin. Ndi imene inandiphunzitsa kuti mndandanda umodzi ukhoza kukhala m'mafoni a anthu ambiri. Microsoft inaigula mu 2015, inatulutsa To Do mu 2017, ndipo Wunderlist inatsekedwa pa 6 Meyi 2020. To Do inatengako zambiri, ndipo manja anga anazolowera msanga. Koma si chikondi chakale chokha. Ndi yaulere yonse, ilibe mbali ya olipira yomwe idzakutulukireni pakati pa ntchito, ndipo sinandifunsepo khadi. Anthu onse a komiti yathu amene anafuna kulowa analowa popanda wotsekeredwa panja.

Kagwiridwe kake ndi aka. Mumapanga mndandanda, mumadina kachizindikiro ka munthu pamwamba, imakupatsani linki, linkiyo mumaiponya pagulu la WhatsApp. Onse akalowa mukhoza kuitseka kuti wina asalowenso ngakhale linki itayenda. Ntchito iliyonse mumaipatsa mwini wake ndi tsiku lake, ndipo munthu aliyense ali ndi pamalo potchedwa "Assigned to me" pomwe amaona zake zokha. Ichi ndi chomwe chinatithandiza kwambiri. Azakhali sankafuna kuona mizere yonse ya ukwati. Ankafuna kudziwa kuti zawo ndi nkhuku, nkhuni ndi amayi ophika. Mkati mwa ntchito imodzi mumaikamo masitepe, monga pa holo: kukaona malo, kulipira dipoziti, kutenga risiti, kumaliza ndalama yotsala. Risitiyo mumaijambula n'kuiphatika pomwepo, ndiye tsiku lowerengera ndalama msungichuma sasakasaka m'magulu a WhatsApp. Magetsi akathima kapena netiweki ikasowa mumapitiriza kuchonga, zimakalumikizana intaneti ikabwera.

Chovuta chake ndi pakhomo. Imafuna akaunti ya Microsoft, ndipo ambiri kwathu kuno alibe, kupatula omwe anali ndi Hotmail kapena Outlook kale. Kutsegula ndi kwaulere, koma pali kulemba imelo, kusankha pasiwedi, kudikira manambala otsimikizira. Kwa achinyamata ndi mphindi zochepa. Kwa akuluakulu muyenera kukhala nawo pansi foni ili m'manja mwanu. Ife tinachita pa msonkhano woyamba wa maso ndi maso, tiyi ali patebulo, aliyense n'kulemba pasiwedi yake kuseri kwa kope lake. Mukangotumiza linki n'kunena kuti aliyense adzilowetse yekha, theka la anthu silidzalowa. Ilibenso pokambirana pansi pa ntchito ngati Todoist, ili ndi polemba notsi basi, choncho zokangana za mtengo wa wojambula zimakathera pa WhatsApp.

Ndipo WhatsApp ndiye mpikisano weniweni, chifukwa ena adzakufunsani kuti tikuvutikiranji pomwe gulu lilipo kale. Yankho langa ndi loti mndandanda wa pa WhatsApp umamira. Meseji imasinthika kwa mphindi 15 zokha chiitumizireni, kenako aliyense amakopera, kuonjezera dzina lake n'kutumizanso. Anthu awiri akachita nthawi imodzi pamatuluka mindandanda iwiri yosiyana, ndipo pofika madzulo palibe akudziwa wolondola. Mukhoza kukhomera meseji pamwamba kwa maola 24, masiku 7 kapena masiku 30, koma yokhomedwayo siyenda ndi zomwe zikuchitika.

Komabe pali pomwe WhatsApp imapambana zonse ndatchulazi, ndipo ndi nkhani ya bandulo. Anthu ambiri amagula bandulo ya WhatsApp kapena Facebook yokha chifukwa ndi yotsika mtengo. Bandulo imeneyo To Do, Keep ndi Todoist sizidutsamo. Munthu amachonga mufoni mwake kuti mpunga wagulidwa, iye n'kumaona kuti wauza anthu, pomwe kwa ena onse mzerewo udakali wosachonga mpaka tsiku lomwe adzagule bandulo ya intaneti yonse. Zinatsala pang'ono kutigulitsa mpunga kawiri. Mapulogalamuwa sadya data yambiri, ndi malemba chabe, koma pakufunika ndithu kabandulo kakang'ono ka intaneti wamba, ndipo muyenera kuwauza anthu zimenezi poyamba pomwe. Onaninso za batire: mafoni ambiri a Android amagoneka mapulogalamu omwe sakutsegulidwa pofuna kusunga moto, ndiye chikumbutso sichilira. Lowani mu Settings, pa batire, muilole pulogalamuyo kugwira ntchito nthawi zonse.

Kwa omwe sangakwanitse bandulo ina kapena foni yawo yadzaza, musawakakamize. Ife tinasankha mlembi wa komiti kuti madzulo aliwonse azijambula mndandanda wa mu To Do n'kuuponya pagulu la WhatsApp. Amene alibe pulogalamu ankayankha pomwepo kuti zanga zatheka, mlembi n'kukawachongera. Amalume awiri anayenda choncho mpaka tsiku la ukwati, ndipo mipando yawo inafika pa nthawi yake.