Timberwolf, Först kapena GreenMech: kusankha makina ang'ono ophwanyira nthambi

Aliyense amene wagwirako ntchito yosadza mitengo kuno ku Britain akudziwa kuti nthawi yambiri imathera pansi, pokokera nthambi kumakina amene anzathu pantchito amawatchula kuti chipper. Mwa makina ang'ono okokedwa ndi galimoto, atatu amene amaoneka kawirikawiri ndi Timberwolf TW 230 yopangidwa ku Stowmarket, Först ST6P ya kampani ya ku Andover, ndi GreenMech EVO 165P ya ku Alcester. Onsewa amameza chipika chonenepa pafupifupi mainchi 6, ndipo onse ali ndi mtundu wosalemera kupitirira makilogalamu 750.

Kulemera kumeneku kuli ndi chiyambi chake. Kale, amene anapeza laisensi yoyendetsera galimoto kuyambira pa 1 January 1997 ankafunika mayeso ena kuti akoke ngolo zolemera, koma ngolo yosapitirira makilogalamu 750 ankaloledwa kuikoka, choncho makampani ankapikisana kupanga makina oti mnyamata aliyense wa m'gulu angathe kuwakoka. Lamuloli linafewetsedwa mu December 2021 ku England, Scotland ndi Wales, koma makina opepuka akadali ofunika, chifukwa anthu awiri amatha kuwamasula kugalimoto n'kuwakankhira pakhomo lopanikizika pamene lole singalowe.

Pa nkhani ya injini palibe zambiri zokangana, popeza mitundu ya petulo ya makina atatuwa imagwiritsa ntchito injini ya Briggs & Stratton Vanguard ya mphamvu ya 37 hp. Chinabweretsa petulo m'ntchito imene kale inali ya dizilo ndi malamulo a utsi otchedwa Stage V, amene amafuna kuti injini ya dizilo yamphamvu zoyambira 19 kW ikhale ndi sefa ya mwaye, yomwe ndi yolemera komanso yokwera mtengo. N'chifukwa chake Timberwolf ya dizilo ya masiku ano ili ndi injini ya Kubota ya 24.8 hp, yomwe sifika pa 19 kW paja, pamene yakale inali ndi 35 hp. Dizilo samwa mafuta ambiri, koma mukaika chipika chouma makina amaima pafupipafupi kudikira kuti injini ibwezeretse liwiro, ndipo pa tsiku la nkhuni zazikulu kudikirako kumamveka.

Kusiyana kwenikweni kumayambira pakamwa pa makina. Pakamwa pa Timberwolf ndi mamilimita 230 m'lifupi ndi 160 m'mwamba, pamene pa Först ndi pafupifupi 200 ndi 150. Papepala kusiyanaku kumaoneka kochepa, koma nthambi simabwera yowongoka ngati nsungwi. Imabwera ndi mphanda, ndipo mphanda ikakana kulowa muyenera kuitulutsa, kuliza sowo, kuidula n'kuyambanso. Mukachita zimenezi kangapo pa ola limodzi, mumazindikira phindu la mamilimita 30 aja. Komabe Först ili ndi pake pamene imapambana, chifukwa mawilo ake a mano okokera nthambi amagwira mwamphamvu ndipo amafinya mphanda zanthete mpaka kuzithyola. Pa mipanda ya mitengo yonga mkungudza yotchedwa leylandii, imene masamba ake onyowa amakonda kutseka njira yotulukira, kukoka kosalekeza koteroko n'kothandiza kwambiri.

Mipeni ndiyo nkhani imene ndimaona kuti ogula ambiri saiganizira mokwanira. Timberwolf ndi Först zili ndi mipeni iwiri yowongoka yomangidwa pa gudumu lolemera, ndipo ikakhala yakuthwa imatulutsa tizidutswa tofanana, toyera bwino, toti mwini munda amapempha kuti mumusiyire ayale pamaluwa. GreenMech inasankha njira ina, ya mipeni yozungulira ngati timbale. Mbali imene imadula pa nthawi imodzi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mpeniwo, kotero ukabuntha mumamasula bawuti, n'kuutembenuza pang'ono, n'kupeza mbali yatsopano, ndipo mumatero kawiri musanautumize kokanola.

Ubwino wa zimenezi ndinauona tsiku lina tikuchotsa mpanda wakale wa mitengo yaminga yotchedwa hawthorn umene unali utameza waya. Tinamva kulira kwachitsulo kamodzi kokha, ndipo kuyambira pamenepo tizidutswa tinayamba kutuluka tazingwezingwe ngati makoko a nzimbe, makina akunjenjemera, nthambi zikubwerera m'manja. Mpeni wowongoka unali utabenthuka pakati, ndipo kuti uwongoke anayenera kuupala wonse. Pa mpeni wozungulira, kubenthuka kotero kumangowononga mbali imodzi. Tisaiwale kuti mpeni wobuntha suchedwetsa ntchito kokha, koma umagwedezanso mabering'i a gudumu lija mpaka kuwatha, ndipo kukonza kumeneko n'kodula kuposa mipeni. Vuto la mipeni yozungulira n'lakuti imafuna wonola amene ali ndi chida chake, pamene yowongoka amainola m'malo ambiri.

Amene amakonda makina a ku Germany angayang'anenso Jensen A530L, yochokera ku kampani imene inayamba mu 1884, koma ayambe afufuza kuti wogulitsa zipangizo zake ali kutali bwanji, chifukwa makina oima sabata yathunthu podikira lamba amadya ndalama za gulu lonse. Funso lomweli n'loyenera kulifunsanso pa makina ena atatu aja.

Ine ndikanakhala kuti ndikugulira gulu la anthu awiri kapena atatu lomwe limasadza mitengo ya m'makomo, ndikanatenga Timberwolf ya petulo, chifukwa cha pakamwa pake potakasuka ndiponso chifukwa zipangizo zake zimapezeka mosavuta, ndipo ikakalamba ogula sasowa. Kwa amene ntchito yake yambiri ndi mipanda, zitsamba za m'mbali mwa msewu ndi nthambi zodzaza mchenga, GreenMech ndiyo ingamupulumutse ku ndalama zonolera. Först ndingailangize kwa amene amakumana ndi leylandii sabata iliyonse. Musanalipire, pemphani wogulitsa abweretse makinawo pamalo anu a ntchito, muwadyetse nthambi zanu zoipitsitsa, za mphanda ndi zonyowa, ndipo muyese ngati chitsulo choimitsira mwadzidzidzi chozungulira pakamwa chikuimitsadi mawilo okoka aja mukangochikhudza.